Chibeseni cha Pachigayo ndi Ulendo wa Fayilo Yochokera ku Vubwi

Aliyense amene anakhalapo ku Vubwi, boma lija limene linapatulidwa ku Chadiza m'chaka cha 2012, dziko la Mfumu Pembamoyo limene likhudza malire a Malawi ndi a Mozambique, sangalephere kukumbukira munthu wina amene anamuona ataimirira pachulu kapena pathanthwe, mkono uli m'mwamba, foni ili m'dzanja, maso ali pa kamkombero kaja kamene kamazungulira pagalasi osafika pamathero. Mwina anali mphunzitsi wamkulu wofuna kutumiza maina a ana olemba mayeso; mwina mlangizi wa zaulimi ndi mndandanda wake wa alimi oyembekezera feteleza; mwina namwino wa pachipatala chaching'ono ndi malipoti a pamwezi; mwinanso mnyamata chabe wofuna kuonetsa mkulu wake wa ku Johannesburg chithunzi cha nyumba imene yangofoleredwa kumene. Onsewa mukawafunsa chimene chawaimika padzuwa, yankho lao ndi limodzi, lakuti netiweki yavuta. Sanama ai. Koma pansi pa mau amenewo pabisala kanthu kena kakang'ono, kosaoneka ndi maso, kamene kamagamula ngati fayilo ifike yathunthu kapena ifere m'njira, ndipo amisiri a makompyuta amakatcha buffer. Ndifuna kuti owerenga anga akadziwe kanthuka bwino lomwe, chifukwa ndalama zambiri za anthu osauka zimathera pa kusakadziwa, ndi pa kusakasamala kwa iwo amene amatipangira zipangizo.

Tiyambire kuchigayo, kumene kulibe mwana wa Mchewa amene sanapiteko. Mai afika ndi ndowa yao ya chimanga pamutu, aitula, ndipo nthawi yao ikakwana akhuthula chimanga chonsecho kamodzi m'chibeseni chachitsulo chimene chili pamwamba pa makina. Mnyamata wa pachigayo saloleza chonse kutsikira pamodzi, koma amatsegula pang'ono kakhomo ka pansi pa chibesenicho, kuti maso a chimanga aziyenderera mwa muyeso umene injini ingathe kupera. Tsono taganizani chigayo chopanda chibeseni. Maiwo akanayenera kumaponyamo chimanga ndi manja, ndipo nthawi iliyonse imene awerama kuti atapenso, makina akanamazungulira opanda kanthu, dizilo n'kumapsa pachabe. Kapena, atatopa nako kuwerama, akanakhuthulira ndowa yonse kukhosi kwa makina, injini n'kutsamwa, lamba n'kuterereka, ntchito n'kuima. Chibesenicho ndicho chimayanjanitsa awiri osiyana mayendedwe, wothira amene amabwera ndi zambiri mwa apo ndi apo, ndi wopera amene amalandira pang'onopang'ono koma kosalekeza. Ntchito ya buffer ndi yomweyo. Iye ndi kachigawo ka memori ya foni kapena ya kompyuta kamene kapatulidwa kuti deta izidikiramo kanthawi, pakati pa mbali yofulumira ndi mbali yochedwa.

Nanga chimadikiramo n'chiyani? Fayilo iliyonse, kaya ndi kalata, chithunzi kapena nyimbo, ili mzere wautali wa tizidutswa totchedwa mabaiti, ndipo m'malemba wamba chilembo chimodzi chimatenga baiti imodzi. Chithunzi cha pafoni chikhoza kukhala ndi mabaiti 3,000,000. Katundu wotere netiweki siimunyamula m'mtolo umodzi. Imamugawa m'timapaketi, ndipo pa njira zambiri za intaneti paketi imodzi siipitirira mabaiti 1,500, kotero kuti chithunzi chimodzi chija chimachoka m'foni ngati timatumba pafupifupi 2,000, kalikonse kali ndi nambala yake ndi keyala ya kumene kakupita. Timatumbati timauluka kuchoka pafoni kufika pansanja ya netiweki, kuchoka pansanja kulowa m'njira zazikulu zolunjika ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Chipata. Ndipo ngati kompyuta yolandira ili kutsidya kwa nyanja, popeza dziko la Zambia lilibe gombe, timadutsa m'maiko a anansi kufikira titapeza zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja ya mchere, monga cha SEACOM chimene chinayamba ntchito mu 2009 ndi cha EASSy cha mu 2010. Paulendo wautali chotere tina timatayika, tina timachedwa, tina timapitirira tinzake tomwe tinanyamuka patsogolo.

Pachifukwa ichi mbali zonse ziwiri zimafunika posungira pake. Wotumiza amachita monga mlimi wanzeru amene, potumiza matumba ake a chimanga pangolo kupita kudepoti ya Food Reserve Agency, safufuta thumba lililonse m'kabuku kake kufikira ataona lisiti. Foni nayo imasunga chifanizo cha paketi iliyonse imene yatumiza, ndipo imachitaya pokhapo pamene mau abwera kuchokera kutsidya akuti yafika bwino. Mauwo akapanda kubwera m'nthawi yake, imatenga chifanizo chija ndi kutumizanso. Wolandira naye ali ndi bwalo lake loikapo matumba, pakuti likafika la nambala 7 pamene la nambala 6 lisanaoneke, sangalipereke kwa mwini katundu, ndipo sangalitayenso. Amaliika pambali mpaka mnzake atafika, kenaka n'kuwandandalika onse monga mwa manambala ao. Makolo athu ankadziwa kuopsa kwa uthenga woyenda wopanda mboni pamene ankati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo makina amachita nako mantha komweko, chifukwa paketi iliyonse imanyamula kachiwerengero kotsimikizira kuti zamkati sizinasinthike m'njira. Kakapanda kugwirizana, paketiyo imakanidwa ngati thumba lonyowa.

Pali njira ina yakale yotumizira mafayilo imene ndimaikonda chifukwa mwa iyo zonsezi zimaoneka poyera, monga mafupa a nyumba isanamatidwe. Dzina lake ndi TFTP, ndipo malamulo ake anawalemba Karen Sollins wa ku sukulu yaukachenjede ya MIT ku America m'chaka cha 1981, nawakonzanso mu 1992. Mwambo wake ngwapafupi kwambiri. Wotumiza amadula mabaiti 512, nawapatsa nambala 1, nawatumiza, ndipo amakhala chete kufikira wolandira atayankha kuti nambala 1 yafika. Pamenepo ndi pomwe amadula 512 ena, nawapatsa nambala 2. Mapeto a fayilo sachita kulengezedwa ndi mau apadera, koma wolandira akaona chidutswa chosakwana 512 amadziwa kuti katundu watha, monga mnyamata wa pachigayo amazindikirira ndi ndowa yosadzaza kuti maiwo alibenso china. Ndipo ikachitika kuti fayilo yagawika ndendende popanda chotsala, wotumiza amaponya chidutswa chopanda kanthu kuti mnzake asadikire mpaka kalekale. Ubwino wake ndi wakuti mbali iliyonse imangofunika posungira pa chidutswa chimodzi chokha, motero ngakhale kachipangizo ka memori yochepetsetsa kangathe kuigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake kufikira lero amisiri amaigwiritsabe pokweza mapulogalamu m'makina olumikizira netiweki, m'mafoni a muofesi, ndi m'makompyuta amene amadzuka potenga pulogalamu yao kwa kompyuta inzao. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo TFTP imafikadi kumene ikupita.

Koma tsokonombweyo amalipira ndi nthawi, ndipo apa ndipempha owerenga apirire nane pa masamu pang'ono, chifukwa m'masamumo ndimo muli mtima wa nkhani yathu. Fayilo ya megabaiti imodzi ili ndi zidutswa 2,048 za mabaiti 512. Makompyuta awiri akakhala m'chipinda chimodzi, funso ndi yankho zimapita ndi kubwera mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, ndipo ntchito imatha m'masekondi owerengeka. Koma tiyeni tiike kompyuta imodzi pachipatala cha kumudzi chimene chimalumikizidwa ndi setilaiti ya mtundu wakale, ija imene imakhala makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba. Pamenepo uthenga kuti ukwere, utsike, ndipo yankho lake likwerenso ndi kutsikanso, pamapita nthawi yoposa theka la sekondi. Tikati ulendo uliwonse utenge magawo 6 mwa magawo 10 a sekondi, zidutswa 2,048 zija zidzafuna mphindi 20 ndi kanthu. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale chipatalacho chitalipira njira yotakata kakhumi, mphindizo sizingachepe kwenikweni, popeza nthawi yonseyo ikuthera m'kudikira yankho, njira ili yopanda kanthu. Zili ngati mlimi amene ali ndi ngolo 16 ndi ng'ombe zake zonse zili m'goli, koma walumbira kuti ngolo yachiwiri siichoka pakhomo kufikira yoyamba itabwerako kudepoti ndi lisiti.

Mankhwala ake ali poyera: ngolo zambiri zikhale pamsewu nthawi imodzi. Wotumiza akaloledwa kuponya zidutswa 16 asanaime kudikira yankho, maulendo 2,048 aja amatsika kufika pa 128, ndipo mphindi 20 zija zimasanduka mphindi imodzi ndi masekondi osakwana 20. Mtengo wa liwiro limeneli ndiwo posungira pokulirapo, chifukwa tsopano wotumiza ayenera kusunga zifanizo 16 m'malo mwa chimodzi, ndi wolandira kukonza bwalo lokwana zonsezo. TFTP inalandira nzeru imeneyi mochedwa; mu 1995 inaloledwa kukulitsa chidutswa kupitirira 512, ndipo mu 2015 ndi pamene inaloledwa kutumiza zidutswa zingapo motsatizana. Njira yaikulu ya TCP, imene imanyamula makalata ndi zithunzi zambiri zimene timatumiza masiku ano, inali nayo nzeruyi kuyambira m'malamulo ake a mu 1981, ndipo ili ndi ulemu wina umene ndimausirira, wakuti m'yankho lililonse wolandira amanena kukula kwa malo amene amutsalira, kuti mnzake asamuthire zoposa zimene angalandire. Poyamba malowo sakanatha kunenedwa kupitirira mabaiti 65,535, koma njira zitakula amisiri anawonjezera muyesowo mu 1992. Lamulo limene amatsata n'lakuti posungira pakhale pokwana katundu yense amene angakhale pamsewu pa ulendo umodzi wopita ndi kubwera. Choncho malo akutali monga kwathu kuno amafuna posungira pokulirapo kuposa malo oyandikana ndi makompyuta aakulu.

Kutumizanso chotayika ndi chinthu chabwino, koma kukachitika mopanda mwambo kumabala tsoka. M'malamulo oyamba a TFTP munali chilema chotere: yankho likangochedwa, osati kutayika, wotumiza ankaponyanso chidutswa chomwecho, wolandira n'kuyankha kawiri, ndipo wotumiza, pomvera mayankho onse awiri, n'kuponya chidutswa chotsatira kawirinso, mpaka fayilo yonse yotsala n'kumayenda iwiriiwiri. Chilemachi chinakonzedwa mu 1989 ndi lamulo lalifupi, lakuti yankho lobwerezedwa lisamachititse munthu kutumizanso. Tsoka lalikulu la mtundu womwewu linagwa mu Okutobala 1986, pamene njira ya pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya ku Berkeley, malo awiri otalikirana mtunda wosafika theka la kilomita, inagwa kuchoka pa mabiti 32,000 pa sekondi kufika pa 40 okha, chifukwa makompyuta onse, poona kuti katundu wao akuchedwa, ankangothirabe zifanizo pamsewu wodzaza kale. Van Jacobson ndiye anaphunzitsa makinawo mwambo mu 1988: kuyamba ndi zochepa, kuwonjezera pang'onopang'ono njira ikamalola, ndi kubwerera m'mbuyo msanga paketi ikatayika. Ife anthu mwambo umenewu sitinauphunzirebe. Chithunzi chikachedwa timachifufuta ndi kuchitumizanso, kawiri, katatu, osadziwa kuti tikutaya zimene zinali zitayenda kale, ndi kulipira bando kawiri pa katundu mmodzi.

Wina angaganize kuti, popeza memori yatsika mtengo, nzeru ndiyo kukulitsa posungira paliponse mopanda malire. Opanga zipangizo anaganizadi choncho kwa zaka zambiri, ndipo anaika mosungira mwakuya m'makina a m'nyumba ndi a pansanja, kuti paketi isatayike ndi imodzi yomwe. Koma walira mvula walira matope. Cha m'ma 2010 Jim Gettys, mmisiri wa ku America, pofufuza chifukwa chimene intaneti ya m'nyumba mwake inkachedwera nthawi iliyonse imene fayilo yaikulu ikutumizidwa, anaonetsa kuti mosungira mwakuyamo ndimo munali matenda, ndipo anawapatsa dzina lakuti bufferbloat, ndiko kunena kutupa kwa posungira. Pakuti TCP imadziwa kuti msewu wadzaza poona paketi yotayika. Tsono paketi zikaleka kutayika n'kumangounjikana pamzere, wotumiza sachenjezedwa, amathirabe, mzere n'kumatalika, ndipo kauthenga kakang'ono kofulumira, monga liwu la munthu wolankhula pafoni, kamaima kumbuyo kwa mulu wonsewo kwa masekondi athunthu. Ndicho chifukwa chake pasukulu kapena paofesi pamene anthu agawana intaneti imodzi, mmodzi akayamba kutumiza kanema, mau a mnzake amene akulankhula ndi abale pa WhatsApp amadukaduka. Mu 2012 Kathleen Nichols ndi Jacobson yemwe uja anapereka njira yotchedwa CoDel, imene imayang'ana nthawi imene paketi yakhala pamzere, ndipo kudikirako kukapitirira muyeso imataya zina mwadala kuti wotumiza achepetse dzanja. Yosefe anamanga nkhokwe m'dziko la Aigupto kuti adzazitsegule m'nyengo yake. Chimanga chokhalitsa pamulu chimangodyedwa ndi anankafumbwe.

Zonsezi zikukhudza njira imene ikuchedwa koma ili moyo. Vuto la ku Vubwi, la ku midzi ya ku Sinda yotalikira msewu waukulu, ndi la madera ambiri a ku Katete, n'lakuti njirayo nthawi zina imafa ndithu: magetsi azima pansanja, mvula ya mkuntho yabwera, batire ya foni yatha, kapena, kwa okhala m'malire, foni yasiya nsanja ya kwathu n'kugwira ya ku Malawi. Posungira pa m'memori sipapulumuka imfa yotere, pakuti kulumikizana kukaduka kwa nthawi yaitali kapena foni ikazima, zonse zinali momwemo zimafafanizika. Chofunika pamenepa ndi nkhokwe yokhalitsa, ndiko kuti pulogalamu ilembe penapake posafufutika kuti zidutswa zakutizakuti zafika kale, kuti njira ikatsegukanso iyambire pomwe inalekera. Nzeru imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Kampani ya ZAMNET isanabweretse intaneti yeniyeni mu 1994, makalata a pakompyuta pa Yunivesite ya Zambia ankasonkhanitsidwa kaye, n'kumatumizidwa pamodzi pa nthawi zoikika kudzera pa waya wa telefoni. Ndipo SmartCare, kaundula wa odwala wa Unduna wa Zaumoyo, pachiyambi pake anaika mbiri ya wodwala pa kakhadi koyenda nako, podziwa kuti zipatala zambiri zinalibe intaneti. Ngakhale amene anapitako ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a maiko atatu asonkhana kwa Kalonga Gawa Undi ndipo mafoni zikwizikwi akulimbirana nsanja zowerengeka, anaona zithunzi zimene anajambula masana zikunyamuka zokha usiku khamu litabalalika. Zinafika chifukwa pulogalamu inazisunga ndi kudikira.

Ndinakhalapo pambali pa mphunzitsi wina wa kwathu, bambo wa imvi ndi wodekha, pamene ankatumiza fomu yaitali ku likulu lina kudzera pa tsamba la intaneti. Anali atapalasa njinga kuchokera kusukulu yake kufuna malo pamene netiweki imagwira, atagula bando ndi ndalama ya m'thumba mwake, ndipo kamzere koonetsa ulendo kanali katatsala pang'ono kudzaza pamene kulumikizana kunaduka kwa masekondi ochepa chabe. Tsambalo linataya zonse, fayilo ndi mau omwe amene anawalemba m'mabokosi, nilimuuza ayambirenso. Anayambanso katatu tsiku limenelo, ana ake akudikira m'kalasi wopanda mphunzitsi. Ndinena mosabisa kuti cholakwa sichinali cha nsanja yokha. Pulogalamu imene imataya katundu yense chifukwa cha kuduka kwa kamphindi inapangidwa ndi munthu amene anaiyesera muofesi ya netiweki yamphamvu, ndipo sanaganizire za anthu amene adzaigwiritse ntchito kumidzi. Kugawa fayilo m'zidutswa, kulemba zimene zafika, kupitiriza pomwe panadukira, kusunga fomu m'foni kufikira njira itapezeka, zonsezi ndi zinthu zodziwika kwa zaka makumi angapo, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Zifuna mtima wokumbukira wogwiritsa ntchitoyo.

Kwa inu owerenga amene mumaima pachulu, pali zochepa zimene zili m'manja mwanu. Pa WhatsApp, kawotchi kakang'ono pambali pa uthenga katanthauza kuti uthengawo ukadali m'foni mwanu kudikira njira. Kachizindikiro kamodzi kochonga katanthauza kuti wachoka ndipo wasungidwa pa makompyuta a kampani. Tiwiri titanthauza kuti wafika m'foni ya mnzanu. Mukaona kawotchi, musafufute. Foni idzautumiza yokha. Fayilo yaikulu muitumize m'mamawa anthu asanadzuke, batire ili yodzaza, mutaima malo amodzi. Chithunzi cha chikalata muchichepetse musanachitumize, bola malemba aziwerengeka. Ndipo ngati munthu amene mukumupatsa fayilo ali nanu pabwalo limodzi, Bluetooth kapena memori khadi idzachita ntchitoyo popanda kudya bando.

Koma pempho langa lalikulu lipite kwa akuluakulu a m'maunduna amene amagula mapulogalamu a masukulu, a zipatala ndi a alimi, ndi kwa anyamata ndi atsikana athu amene akuphunzira kuwapanga ku Lusaka, ku Chipata ndi kwina. Musanalandire pulogalamu kuti yatha, bwerani nayo ku Vubwi m'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, muyambe kutumiza fayilo, muzimitse foni ulendo uli pakati, muiyatsenso, ndipo muone ngati ipitiriza pomwe inalekera. Ikayambiranso pachiyambi, ibwezeni kwa amene anaipanga akaikonze, musanaipereke m'manja mwa mphunzitsi, namwino kapena mlangizi.